Kukwela ni mphamvu, kutsika ni nzelu: Ciwelu pa mapili a Munali

Imwe amene mumakwela basi ya ku Mazabuka, Monze, Choma olo Livingstone, mapili a Munali muwadziwa. Ni paja basi ikawoloka buliji ya Kafue na kukhota pa Turnpike, pasanapite nthawi mseu uyamba kupindika ngati njoka, injini iyamba kulila, matilaki a katundu andandalika pa citunda. Apo m'pamene munthu amaleka kusewela na foni, n'kuponya maso pa windo. Mapili ali pafupi ngati mungawagwile na dzanja. Ndipo sipalephela munthu wina kumbuyo wokamba mokweza kuti, "Ka phili aka? Ine ningakakwele na 30 minutes cabe."

Mwina angakakwele zoona. Mapili a Munali si Kilimanjaro. Safuna zingwe, safuna maphunzilo, safuna ndalama zambili. Munthu wa thanzi labwino angacoke mu Lusaka m'mamawa pa Ciwelu, n'kukaima pa nsonga dzuwa likalibe kupsa, n'kubwela kudzadya nsima ya m'madzulo pa nyumba. Ndiye cifukwa cake anyamata na atsikana amene alema na ma mall na ma braai a pa weekend ayamba kuyang'ana ku mapili.

Koma mvelani apa. Pa mseu kukafika pa nsonga palibe njila yolambulidwa, palibe cikwangwani, palibe munthu wa yunifomu wokulondolelani. Ndipo phili lopanda njila silivuta pokwela. Limavuta potsika. Ngati mufuna kupita, konzekelani kutsika mukalibe kuyamba kukwela.

Dzina muliziwa kale

Dzina lakuti Munali si lacilendo kwa munthu wa mu Lusaka. Kuli sukulu ya Munali, kuli na dela la Munali. Ni dzina limene anthu anali kuitanila David Livingstone. Mu November 1855 iye anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo mu December caka cimeneco anadutsa m'mapili amenewa, n'kuona mtsinje wa Kafue ali pamwamba. Pafupi na mseu, pa Munali Pass, pali mulu wa miyala wokumbukila ulendo umenewo. Anapitiliza mpaka anafika ku Quelimane, ku nyanja ya mcele, mu May 1856.

Cimene mabuku a ku sukulu sakamba mokweza ni ici: mzungu uja sanali yekha. Mfumu Sekeletu ya Amakololo inam'patsa amuna oposa 100, ndipo mtsogoleli wawo Sekwebu ndiye anali kudziwa dziko na zinenelo za anthu a m'njila. Manje ngati munthu amene anadutsa Africa na miyendo anali kufunsa njila, nanga imwe a ku Kabwata, Chelstone olo Matero, amene phili lanu lalikulu ni masitepe a pa ofesi?

Yambilani pa mudzi, osati pa phili

Kucoka mu tauni kukafika ku Kafue ni makilomita pafupifupi 45, ndipo mapili ayamba mukapitilila Turnpike, pa mseu wa T1. Mabasi a pa Intercity opita ku Mazabuka, Monze, Choma na Livingstone apita pamenepo, koma osadalila basi. Kuseluka angakuselutseni, koma pobwelela basi yodzala siimilila munthu wa fumbi amene waima pakati pa mapili. Cabwino ni kusonkha ya mafuta, anthu anayi olo asanu, n'kupita na motoka imodzi. Musaiimike pa kona olo pa citunda: matilaki a pa mseu uja si ocita nawo maseŵela. Ipatutseni pa malo oonekela, makamaka pa khomo la munthu.

Ndipo apa ndiye poyambila penipeni. Phili limene imwe muona ngati la bwana aliyense lili na eni ake. Pena ni malo a mudzi, pena ni famu ya munthu, pena ni malo a mgodi wa nickel wa Munali. Mukaona waya wa mpanda, musalumphe. Pitani pa nyumba yapafupi, mupeleke moni. Kuno ni kwa Atonga: "Mwabuka buti" m'mawa, na "Twalumba" poyamika, zidzakutsegulilani zitseko zimene Cizungu ca pa mphuno sicingatsegule. Funsani a sibbuku, amene ni amfumu a mudzi, olo wamkulu aliyense amene mwapeza.

Mufunse zinthu zinayi. Kodi n'kololeka kukwela phili ili? Ni mbali iti yabwino kukwelela? Kuli manda olo malo oletsedwa? Kuli moto olo misampha masiku ano? Atonga ali na malo opatulika amene amawacha malende, kumene makolo amapemphela mvula, ndipo nthawi zambili amaoneka ngati kankhalango wamba. Mlendo sangawadziwe na maso. Paja safunsa anadya phula.

Ngati pali mnyamata woŵeta ng'ombe amene makolo ake avomela kuti akupelekezeni, mutengeni, ndipo mugwilizane za malipilo mukalibe kunyamuka. Iye adziwa mwala uliwonse. Komanso mukatelo, pa mudzi pamatsala anthu odziwa kuti m'phili muli alendo, na ola limene afunika kubwela.

Masamu a nthawi

Uja wa "30 minutes cabe" tiyeni timuyese na masamu. Mu 1892, munthu wina wokwela mapili wa ku Scotland, William Naismith, anaika lamulo limene oyenda m'mapili akali kuseŵenzetsa mpaka lelo: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse amene mwakwela.

Tikambe kuti phili limene mwasankha lili pa makilomita 2 kucoka pa motoka, ndipo mufunika kukwela mamita 250. Kupita na kubwela ni makilomita 4, amene ni maminitsi 48. Kukwela kuwonjezapo maminitsi 25. Zonse pamodzi, ola limodzi na kota. Koma lamulo limeneli ni la munthu wolimba woyenda m'njila yooneka. Imwe mudzakhala mukukankha udzu wofika m'khosi, kuzungulila minga, kubwelela pamene thanthwe lakutsekelani. Ndiye wilikizani kawili: maola awili na hafu. Ikamponi kupuma, kudya, na ma selfie a pamwamba. Mwafika pa maola anayi.

Manje onani dzuwa. M'miyezi ya June na July limaloŵa 18 hours ikalibe kukwana, ndipo kwathu kuno mdima sucedwa: posakhalitsa m'thengo simuona phazi lanu. Amene anyamuka mu Lusaka pambuyo pa nkhomalilo, n'kuyamba kukwela 15 hours, wadzikonzela yekha tsoka. Nyamukani 06 hours, muyambe kukwela ca m'ma 08 hours. Ndipo mukali pa motoka, gwilizanani ola lobwelela. Mwacitsanzo: ikakwana 11 hours, kaya tafika pa nsonga kaya sitinafike, titembenuka. Pasakhale wokamba kuti "patsala pang'ono cabe". Phili silisamuka, mudzalipeza Ciwelu cina.

Nyengo yabwino ni kuyambila May mpaka July: kuli kamphepo, mvula yatha, moto ukalibe kuculuka. Kuyambila August mpaka October thengo limapsa, utsi umabisa dziko, ndipo kutentha kwa October mukudziwa. Nthawi ya mvula miyala imatelela, ndipo pa nsonga ya phili ndiye malo oipitsitsa kukhalapo kaleza akayamba.

Za m'cola

Osavutika kugula nsapato za mtengo wapatali. Kanivasi ya salaula ya pa Soweto, yokhala na mapazi ogwila, ikwanila, malinga mwaiyendelako kale masiku angapo. Nsapato yatsopano imabala matuza. Mapatapata na ma slide, siyani ku nyumba. Valani thalauzi lalitali, sokosi zokwela, shati ya manja aatali na cisote. Kabudula ni wabwino pa cithunzi cabe. Udzu na minga zidzakulembani miyendo ngati mwamenyana na cona.

Madzi, malita awili munthu aliyense, osati botolo imodzi ya gulu lonse. Cakudya cosavuta: mbatata zophika, nshawa, nthoci, vitumbuwa, mazila owilitsa. Moŵa usiyeni mu cooler box, mudzaupeza pansi. Tengani toci olo muganiza kuti mudzabwela masana, kawisulo, bandeji, selotepi, na ndodo yolimba. Ikamoni kapepala ka shuga na mcele. Wina akafooka na thukuta, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga na hafu ya supuni yaing'ono ya mcele mu lita imodzi ya madzi, azimwa pang'onopang'ono.

Foni nayo ni cida, koma ikonzeni mukali pa nyumba. Citani download mapu a dela limenelo pa Google Maps kuti azitseguka popanda bundle. GPS imagwila olo netiweki palibe. Mukafika, ikani cizindikilo pa mapu pamene mwasiya motoka, ndiyeno ikani foni pa flight mode kuti batili isathe na kusakila netiweki. Ndipo uzani munthu mmodzi ku nyumba kumene mwapita, amene muli nawo, na ola limene ayenela kuyamba kuda nkhawa.

Pokwela, tsatani msana

Mukaima pansi pa phili mudzaona zinthu ziwili: misana, kumene nthaka yatukuka kucoka pansi mpaka pamwamba, na makhwawa, mmene madzi a mvula amatsikila. Khwawa limakopa cifukwa lili na mthunzi ndipo lioneka ngati njila. Musaloŵemo. M'khwawa ndiye muli ziyangoyango, miyala yogubuduka na citedze, ndipo simuona kumene mupita. Pa msana udzu ni waufupi, mitengo ni yotalikilana, mphepo ikupitani, ndipo muona mbali zonse ziwili.

Tunjila tumene mudzapeza m'munsi ni twa ng'ombe na twa owocha malasha. Tutsateni ngati tupita kumene mufuna, koma dziŵani kuti tumathela pa uvuni wa malasha olo pa msipu, osati pa nsonga.

Manje nayi nzelu imene idzakubwezani ku nyumba: maminitsi 10 alionse, imani, tembenukani, yang'anani kumbuyo. Thengo limene muona pokwela si limene mudzaona potsika. Mtengo umene unali na nthambi yopindika ku dzanja lamanja, pobwela udzaoneka wina. Sungani m'mutu zizindikilo zitatu olo zinayi: culu cacikulu, mtengo wouma, thanthwe long'ambika, denga la malata la pa mudzi paja. Zijambuleni na foni mutayang'ana kumene mwacokela. Tsegulani kampasi ya pa foni muone kuti mseu uli mbali iti, ndipo aliyense m'gulu amve, osati mwini foni yekha.

Yendani pa liwilo la munthu wocedwa kwambili. Wamphamvu akhale kumbuyo, osati kutsogolo. Gulu likagaŵikana paŵili m'thengo, mavuto ayamba. Ndipo konzekani kunamizidwa: mudzaona nsonga, mudzalimbikila, mukafikapo mudzapeza kuti kuseli kuli ina yaitali. Ni mmene mapili alili. Yang'anani wochi, osati mtima.

Eni ake a m'udzu

Woyamba ni citedze. Ni comela coyanga, ca nyemba zokhala na ubweya wofiilila ngati veleveti, ndipo zimakhwima m'cilimwe, nthawi imene imwe mufuna kukwela. Ubweya umenewo ukakugwelani, mudzavina popanda ng'oma. Osakanda, cifukwa kukanda kumauloŵetsa m'khungu. Matani selotepi pa malopo n'kumatula kangapo, ndiyeno tsukani na madzi.

Waciŵili ni njoka. Zambili zimathaŵa zikamva mapazi, koma mphili siithaŵa. Imagona phee pa kanjila olo pa mwala kuwothela dzuwa la m'mawa, ndipo khungu lake lifanana na masamba ouma. Ndodo itsogole m'udzu. Osaika dzanja m'mphako olo pa mwala umene simuona pamwamba pake. Cipika ca mtengo, kwelani pamwamba muone kuseli, osangolumpha. Wina akalumiwa, osaceka na leza, osayamwa, osamanga mwendo na cingwe. Muvuleni mphete, wochi na nsapato yothina, mwendo usagwedezeke, mumunyamule mpaka pa motoka. Kuli zipatala ku Kafue, ku Mazabuka na ku mishoni ya Chikankata. Funsani pa mudzi kuti capafupi n'citi mukalibe kukwela.

Njuci zimamanga m'ming'alu ya matanthwe na m'mphako. Mukamva kulila kwake, patukani mwakacetecete. Misampha ya waya ya osaka nyama imachedwa m'tunjila twa nyama, ndipo siisankha mwendo. Mukafika ku nyumba, dzifufuzeni nkhupakupa m'mbali mwa sokosi, m'ciuno na m'khwapa.

Koma woopsa kupambana onse ni moto. Moto wa m'thengo umathamanga kwambili pokwela phili kusiyana na pa malo athyathyathya, cakuti simungaupambane mwa kuthaŵila kumwamba. Mukaona utsi pansi panu, pitani cam'mbali, ku thanthwe lopanda udzu olo kumene kwapsa kale. Ndipo imwe a fodya, kandudu kamodzi kangapsetse msipu wa ng'ombe za mudzi wonse.

Pamwamba

Ndiyeno mitengo imatha, mphepo ikuwombani kumaso, ndipo palibenso pokwela. Khalani pansi. Kumwamba kukakhala kopanda utsi, mudzaona cigwa ca Kafue Flats citayalika ngati mphasa mpaka kumene maso alekezela, na madzi akung'anima patali. Cakumadzulo, ku Mazabuka, kuli minda ya nzimbe ya Nakambala, yobiliŵila ngakhale dziko lonse litauma, cifukwa imamwa madzi a mu Kafue. Shuga wa mu tiyi wanu wa m'mawa acokela kumeneko. Pansi, matilaki aja amene anali kukuopsani aoneka ngati tumabokosi twa macisa.

Mudzamva cinthu cimene mu Lusaka mulibe: zii. Palibe honi ya minibasi, palibe jenaleta ya aneba, palibe wokuwa "Town! Town!" Sipika ya Bluetooth isiyeni m'cola. Idyani, jambulani, pumulani maminitsi 30. Mabotolo na mapepala abwelele m'cola, ndipo dzina lanu na la cibwenzi canu musalembe pa mwala.

Apa mwafika pa theka cabe la ulendo.

Kutsika

Cifukwa cake kutsika kumasoceletsa n'cosavuta kumva. Pokwela, mbali iliyonse imene mungatenge, malinga mupita kumwamba, idzakufikitsani pa nsonga imodzimodziyo. Potsika ni zosiyana: kucoka pa nsonga, mbali zonse zipita pansi, ndipo iliyonse ipita kwake. Mukaphonya pang'ono cabe pamwamba, pansi mudzatulukila m'cigwa cina, makilomita kutali na motoka, phili lili pakati pa imwe na mseu. Ndipo zimacitika pamene mwalema, madzi atsala pang'ono, ndipo aliyense aganiza za nsima.

Conco mukangofika pa nsonga, mukalibe kuyamba kuzungulila na kujambula, ikani cizindikilo pamene mwatulukila: cola, ndodo, olo tumiyala tutatu tosanjikiza, tumene mudzamwaza pocoka. Potsika yambilani pamenepo, mutsate msana umene munakwelela. Mukafika pamene msana wagaŵika paŵili, imani, tsegulani zithunzi zija, muyang'ane kampasi. Apo ndiye anthu ambili amataika. Ndipo wina adzakamba kuti, "Tiyeni tidule apa, ni shortcut, motoka ija ili apo." Mukanileni. Shortcut ya m'phili imathela pa phompho olo m'minga.

Miyendo nayo imavulala potsika. Pansi pa udzu wouma na masamba pali miyala yosakhazikika. Pondani mapazi aafupi, maondo opindika pang'ono, muziyenda mokhotakhota m'malo molunjika pansi. Osathamanga. Osayenda pansi penipeni pa mnzanu, cifukwa mwala umene iye waponda udzabwela kwa imwe. Kabombo kakabinya pamwamba pa phili, ulendo wa ola limodzi umasanduka wa maola anayi, ndipo apa m'pamene mudzayamikila kuti munayamba m'mamawa.

Ngati mwasocela ndithu

Imani pamene mwazindikila. Osapitiliza kutsika na ciyembekezo cakuti "tizapeza cabe njila". Khalani pansi, imwani madzi, tsegulani mapu muone kadontho kanu na cizindikilo ca motoka. Ngati foni yafa, bwelelani kumwamba mpaka pa malo amene muwakumbukila. Pamwamba m'pamene muona dziko, ndipo netiweki imapezeka kumeneko kusiyana na m'cigwa. Chelani khutu: kulila kwa matilaki pa citunda kumamveka patali, ndipo mseu ni mzele wautali umene simungauphonye mukaulunjika. M'miyezi yozizila, dzuwa la masana limakhala cakumpoto, ndipo cithunzithunzi canu ciloza kum'mwela.

Mdima ukakupezani, osayenda. Khalani pamodzi pa malo oonekela, valani zonse zimene muli nazo cifukwa usiku wa June m'mapili umaluma, lizani wisulo, yatsani toci. Netiweki ikagwila, tumilani uja wa ku nyumba na kum'tumizila location, ndiyeno apolisi pa 991. Anthu a pa mudzi paja, amene munawapatsa moni m'mawa, ndiwo adzayamba kufika.

Mukatsika bwino, pitaninso pa khomo paja mukalaile. Auzeni kuti tabwela tonse, kuti asakhale na nkhawa. Ngati agulitsa cibwantu, nshawa olo nkhuku, gulani. Ciwelu cina mudzafuna kukwela phili la pambali pake, ndipo mudzafunika kugogoda pa khomo lomwelo.